Lumo Silipha Muzu

Sizinda, Lachinayi masana

Rozina, mkazi mnzanga,

Za moyo sindikufunsa, popeza tadzuka m'nyumba imodzi ndipo ndakuona ukumwa tiyi utandifulatira. Wapita kutauni kukatsazika anzako osanena kuti ubwera nthawi yanji. Chabwino. Ine ndabwereka pensulo kwa MaNcube wa khomo lotsatira, ndang'amba mapepala pakati pa kope lako lakale, ndakhala pansi. Sukulu yanga inathera Sitandade 2 ku Dedza, choncho zilembo zikapendama uziwongole wekha, poti masiku ano ndiwe katswiri wowongola zinthu. Ndikulemba m'chinenero chathu. Ndikudziwa kuti umachimva chonse, ngakhale umandiyankha m'Chindebele ngati ndine kondakitala wa basi. Uwerenge pang'onopang'ono.

Mawa madzulo sitima ikutengera ku Harare, kukoleji yophunzira kusakaniza mankhwala. Ife a ku Nyasalande tinayamba kalekale kunena kuti "ku Halale" azungu akukakamirabe dzina lawo la Sozibele, boma langotitsatira pambuyo. Koma zoti mwana amene ndinamulera m'zipinda ziwiri zino akalowera khomo la kutsogolo la nyumba zonga zimene ine ndinkangokolopa, zimenezo sindinazilotepo. Ndikaziganiza ndimangogwira pakamwa.

Dzulo tinayambana. Ndinati ndikudule tsitsi lowongolalo lonse usanapite, iwe unati, "Gogo, mukufuna ndikafike ngati wamaliro, atsikana a ku Harare akandiseke?" Kenako unawonjeza kuti munthu wovala duku usana ndi usiku angadziwe chiyani za tsitsi. Yankho lake ndi kalata ino.

Tsache silinama, Rozina. Miyezi inayi tsopano ndikusesa tsitsi lako pansi pa bedi, pambali pa beseni, pakhomo la bafa. Kwathu tsitsi lometa timalikwirira kuopa afiti, iwe ukuwagawira laulere, angobwera ndi thumba. M'mbali mwa chipumi chako mwayamba kulowa ngati munda umene mbuzi zikuudya kuchokera kumalire. Umakokerapo la pamwamba kuti ubise. Ine za kubisa ndimazidziwa kuposa iwe.

Ukukumbuka Loweruka lija unandiwerengera botolo? Lobiriwira lija la shampu, limene unagula kwa mayi wa ku Njube wokaoda katundu ku Francistown. Ndinakufunsa kuti tizilembo tating'onoting'ono takumbuyoto tikuti chiyani, poti ine ndinkayesa ndi adiresi ya fakitale. Unaika chala n'kuyamba. Choyamba madzi. Ndinati ayi, madzi tili nawo pampopi. Chachiwiri dzina lalitali ngati sitima ya malasha, unati ndicho chimabweretsa thovu, ndipo ndi pachibale ndi sopo wotsukira mbale. Chachitatu mchere. Mchere womwewu wa m'ndiwo, akuti kuti madziwo azioneka olemera potsanula. Kenako fungo, kenako utoto wobiriwira umene ntchito yake ndi kunyengerera maso basi.

Ndiye unandiuza chinthu chimene ndikuyenda nacho mpaka lero. Unati tsitsi lililonse lili ndi kadzenje kakekake pakhungu, ndipo m'kadzenjemo muli kathumba kotulutsa mafuta, kamene kamalidzoza tsitsilo kokha, munthu ali mtulo kapena ali maso, popanda wokakumbutsa. Thovu likakhala laukali limachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta omwewo, tsitsi n'kutsala louma, longothyoka. Ine amene ndinakulira kutunga madzi kutsidya la dambo, zaka zonsezi ndakhala ndikusenza tizitsime tosawerengeka pamutu panga osadziwa. Ndinakuyang'ana iwe, amene ndinakupukuta mamina ndi chitenje changa, ukuona za m'kati mwa botolo losatsegula ndi za pansi pa khungu la munthu. Kwathu munthu wotero timamupatsa nkhuku yoyera.

Chondizunguza n'chakuti wodziwa zonsezi ndi iwe yemwe umasamba naye shampu ameneyo m'mawa uliwonse, pamwamba pa phala loyera lija amakupaka ku Njube lowongolera tsitsi. Nzeru zili m'mutu koma sizikufika patsitsi, pamene mtunda wake ndi khungu lokha.

Tsono mvera za ine. Amako atakusiya m'manja mwanga uli wakhanda, iwo n'kupita ku Wanki ndi banja latsopano, ndinkagwira ntchito kwa misisi wina ku Hillside. Chizungu chowerenga ndinalibe, koma liwu limodzi ndinaligwira ndi maso chifukwa ndinkalipukuta fumbi tsiku ndi tsiku m'bafa mwake. Linkayamba ndi chilembo chokhota ngati njoka, n'kuthera ndi mazira awiri. Shampu. Misisi akasamba naye, tsitsi lake linkagwa ngati ndevu za chimanga, nyumba yonse kununkhira, ine mtima kuwawa. Tsiku lina tikukonza m'galaja ndinaona chibotolo chachikulu chofika theka, njoka patsogolo, mazira awiri kumapeto. Pamwamba pake panali liwu lina, koma ndinati limenelo ndi dzina la mwini sitolo. Misisi anali atalamula kuti titaye zitini zakale, ndipo ine ndinaona kuti botolo ndi chitini ndi pachibale. Ndinachikulunga m'chitenje n'kukwera nacho basi.

Inali sabata ya Khirisimasi. Ndinaitana MaNcube ndi amayi ena atatu a kutchalitchi, tinandandalika mabeseni kuseri kwa nyumba. Thovu limene linatuluka tsiku limenelo sindinalionenso kwina. Linakwera m'mitu mwathu ngati mitambo ya mvula yoyamba, linasefukira m'ngalande mpaka kukafika kumsewu. MaNcube anati, "Hawu, kanti abelungu baphila kanje?" kufunsa ngati azungu amakhala chonchi masiku onse. Ndinati, "Ichi n'chiyambi chabe, mawa mudzuka mukuyankhula Chizungu." Tinatsuka kawiri kuti zilowerere.

Pofika Chaka Chatsopano mitu yathu inali ngati udzu wa mu Okutobala. Chipeso chikadutsa tsitsi linkamveka kuthetheka n'kutsalira m'mano mwake, khungu kuyabwa ndi kusupuka. Lolemba lina misisi anatayira khofi pabalaza, n'kundiitana m'Chilapalapa, chinenero chija cha azungu poyankhula ndi antchito: "Ipi lo shampu ka lo kapeti?" Ndiko kuti, shampu wotsukira kapeti ali kuti. Ndinaima ndi nsanza m'manja, mutu ukundiyabwa pansi pa kachipewa ka ntchito, ndinati sindinamuonepo misisi. Madzulo ndinakaulula kwa MaNcube. Iye anati, "Basi tigone pakhomo, alendo azipukutirapo mapazi." Mpaka lero akandipsera mtima amanditchula kuti MaKapeti, ndipo iwe wakhala ukuyesa kuti ndi dzina la mtundu wathu.

Tinametana tonse asanu. Ndipo ona zodabwitsa zake: asanathe masabata atatu mitu yonse isanu inada bii, tsitsi latsopano likukankhana potuluka ngati silinamve kanthu. Shampu uja anaumitsa za kunja koma sanafike pansi, ndipo lumo linangochotsa zakufa. Gwira mawu amenewa, Rozina: lumo silipha muzu. Gwiranso awa: dzina la kutsogolo kwa botolo ndi moni chabe, nkhani ili kumbuyo. Ine ndinali ndi chowiringula, sindinkatha kuwerenga. Chako n'chiyani?

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinatolapo phunziro lolakwika. Ndinati cholakwa chinali botolo, osaona kuti cholakwa chinali mtima wosirira mutu wa misisi. Patapita chaka kunamveka mayi wina ku Makokoba wogulitsa timabotolo topanda dzina, akuti shampu wa ku Joni, wotsuka ndi kuwongola nthawi imodzi. Anali atasakaniza sopo, mafuta onunkhira ndi soda uja wophikira sopo, amene amadya ndi mphika womwe. Izi ndinazidziwa pambuyo. Anandiuza kuti, "Akayamba kuwotcha usatsuke, ndiye kuti akugwira ntchito. Werenga mpaka handiredi." Kunali ukwati wa mwana wa kapitawo wa agogo ako aamuna kunjanji, ndipo ndinkafuna kuti akazi a makalaliki atembenuke ndikamalowa. Ndinapaka ndili ndekha m'nyumba, iwe uli mtulo pamkeka. Moto unayamba ndisanafike makumi awiri. Ndinaluma mlomo, ndinati ine ndabereka ana anayi osakuwa, kabotolo kangandichite chiyani. Nditafika handiredi ndinaona kuti ndiwonjezere ina, kuti langa liwongoke kuposa la anzanga. Ndi mmene ndilili, umandidziwa.

Nditathira madzi, tsitsi la pakati pa mutu linatsika pamodzi ndi madziwo. Linali lowongoka bwinobwino monga anandilonjezera, likuyandama m'beseni. Kuukwati sindinapite. Chilonda chinatha miyezi iwiri, ndipo namwino wa kukiliniki atachiyang'ana anati mizu yapsa, pamenepo sipadzameranso. Chitapola panatsala malo aakulu ngati chikhatho changa, osalala, onyezimira ngati pansi pa mbale yatsopano. Kuyambira pamenepo ndi pamene ndinamanga duku. Iwe wakula ukuyesa kuti ndi kupemphera kwambiri. Ndimagona nalo, ndimasamba chitseko chili chokhoma, ndipo ngakhale MaNcube, amene amadziwa za m'mphika mwanga zonse, za pamutu panga sazidziwa.

Kuwotcha si kugwira ntchito, Rozina. Kuwotcha ndi khungu likulira. Ndinakumva mwezi watha utabwera kuchokera ku Njube, ukudzithira madzi ozizira m'mutu kuseri uku ukupuma ngati mbuzi yomangidwa pakhosi. Nditafunsa unati, "Akulandaba, Gogo," palibe kanthu. Nanenso ndinkatero. Ndipo unavomera wekha tsiku lina kuti m'phala loyeralo muli mbale wake wa soda yemwe uja, wangovala suti.

Agogo ako aamuna, a Mbewe, anali munthu wosachulutsa mawu, mwina chifukwa ine ndinkayankhulira tonse awiri. Ataona mutu wanga sanakalipe, sanaseke. Anangoti, "Amake Filipo, munda ukapsa timadikira mvula." Lamulungu lililonse tikabwera kuchokera kutchalitchi, iwe uli kosewera, ankatseka chitseko, kundikhazika pansi pakati pa miyendo yawo, n'kumapaka mafuta a nsatsi pamalopo ndi zala zawo zija zokhakhala ndi malasha. Akatha ankapendeketsa mutu wanga chakuwindo n'kumafunafuna.

"Pali kamodzi apa," ankatero.

"Bodza, mwayamba ng'ala."

"Kalipo. Kakungochita manyazi, katengera ine."

Zaka zisanu ndi ziwiri, osalumpha Lamulungu. Panalibe kanthu, ndipo ankadziwa.

Atamwalira, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, linafika tsiku lometa. Mwambo umenewu tinabwera nawo pasitima kuchokera kwathu: maliro akatha abale onse amametedwa, ndipo tsitsi latsopano likamamera ndiye kuti chisoni chikutuluka, munthu akubwerera kwa amoyo. Inu ena nonse anakumeterani panja. Ine anandilowetsa m'nyumba a Naphiri, mayi wokalamba amene ankameta akazi amasiye onse a kwathu m'Sizinda muno. Anamasula duku, n'kuima lumo lili m'mwamba. Pakamwa pawo pankaopedwa kuposa panga, koma anangofunsa chapansipansi, "Mwana iwe, unalira ndani mpaka kutere?" Ndinati sindinalire munthu, ndinalira tsitsi la mzungu. Anameta za m'mbali, anandimanganso duku ndi manja awo, ndipo nkhaniyo anapita nayo kumanda.

Masabata otsatira ndinkayang'ana mitu ya m'nyumba muno. Amalume ako a Filipo, amako amene anabwera kudzalira, iwe. Yonse kuda, kumera, chisoni chikutuluka monga mwambo umanenera. Ine m'mbali munamera, koma pakati, pamene pankafika zala za a Mbewe, panangokhala mbee. Maliro anga pamenepo sanathe, alibe potulukira.

Chimene chinandiimiritsa nthawi imeneyo ndi mutu wako. M'mawa uliwonse usanapite kusukulu ndinkanamizira kukukonza kolala kuti ndiyendetse chikhatho pamwamba pake. Tsiku lachitatu unali ngati pepala lokhakhala lopalira matabwa. Sabata yachiwiri ngati mbewu za mpiru zomwazika pa mbale. Mwezi utatha tinali timiyulu tolimba, takuda ngati makala, tikupindika kamodzikamodzi monga la amayi anga. Palibe anathirira, palibe anapalira. Ndaona zambiri ine. Ndawoloka Zambezi, ndaona nyale zoyaka popanda mafuta, ndaona mbendera ina ikutsika ina ikukwera anthu tikulira m'misewu, koma sindinaonepo chinthu chondidabwitsa ngati tsitsi likubwerera lokha pamutu pa mwana. Mutu umenewo ndimaudziwa mzere ndi mzere, n'chifukwa chake sungandibisire kanthu.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ndipo si maliro ayi. Kusukulu ankakunena kuti mwana wa Manyasa, ankakuseka katchulidwe, ndipo wakhala ukudziwongola pang'onopang'ono kuti asakuzindikire: lilime, mayendedwe, tsopano tsitsi. Sindikukudzudzula, ndinayenda njira yomweyo ndipo wamva kumene inandifikitsa. Koma atsikana aja anabwera kuchokera kunkhondo unawaona nawe kutauni, tsitsi lawo lachibadwa, ena lalifupi ngati la mwamuna, ena lozungulira ngati mtengo wa mango. Anawaseka ndani? Kukolejiko anakuitana chifukwa cha za m'kati mwa mutu, za pamwamba sanaziike pa mayeso.

Tsono ku Harareko. Za anyamata sindilemba, mapepala achepa ndipo unazimva kale mokwanira. Za mutu ndi izi. Usamasambe ndi shampu tsiku lililonse ngati ndiwe mbale ya mafuta, kamodzi pa sabata n'kokwanira, tizitsime tija tipeze mpata. Thovu lambiri lisakusangalatse, wa kapeti uja ndiye anali mfumu ya thovu. Botolo lililonse ulitembenuze usanagule, ndipo lopanda zolemba kumbuyo ulisiye pomwepo ngakhale likhale la ku Joni kapena la kumwamba. Chokuyabwa kapena chokuwotcha utsuke nthawi yomweyo, usawerenge ngakhale mpaka teni, ngakhale wokupakayo akhale ndi satifiketi pakhoma. Likadzakula, okuluka asamalikoke mpaka maso kupendama.

M'sutikesi mwako, pansi pa juzi, ndaikamo kabotolo ka mafuta a nsatsi ndi masamba ouma amene MaNcube amati inkunzane. Ntchito yake ndi yonga ya masamba a chewe kwathu. Ukawaviika m'madzi amaterera ngati therere, thovu alibe, fungo alibe, koma tsitsi limatuluka lofewa, chipeso n'kumangodutsa. Anzako akaseka uwauze kuti ndi a ku Francistown, adzakupempha. Ndipo ukadzaphunzira bwino, udzawaike pansi pa magalasi anu aja okulitsa zinthu, udzandilembere kuti m'masambamo muli chiyani. Amayi anga anasamba ndi chewe mpaka kumwalira imvi zili mutu tho, osadziwa dzina la chimene chinkawasungira tsitsi. Ine ndikufuna ndilimve dzinalo, ngakhale likhale lalitali lotani.

Chomaliza. Lamulungu lapitali masana unagona pamkeka pakhonde buku lili pachifuwa. Ndinavala magalasi a malemu a Mbewe, ndinagwada, n'kuyang'anitsitsa m'mbali mwa chipumi chako pamene dzuwa linkawomba. Mawondo anga akudandaulabe. Rozina, tilipo. Titsitsi tating'onoting'ono, tofewa ngati ta mwana wongobadwa kumene, tikusuzumira ponse pamene pathothoka. Ine sindine agogo ako aamuna, sindinama kuti munthu asangalale. Khungu lako silinayambe kunyezimira. Mizu ili moyo. Koma sindikudziwa kuti ingapirire maulendo angati a phala lija, ndipo ku Harare kulibe munthu wokusesera amene angakuuze zoona.

Lowongolalo linafa kale. Likungothyoka, ndipo la pansi likamera lopindika udzafuna kukapakanso kuti zifanane, ndiye msampha wake umenewo. Lichoke, latsopano limere pamtendere. Pofika tchuti choyamba udzakhala ndi chopesa. Akakufunsa kuti wafedwa ndani, udzati palibe, wameta zisanafike pamenepo.

Mawa m'mawa, dzuwa likafika pa waya woyanikira zovala, ndikhala pakhonde la kumsewu ndi sizasi ndi lumo latsopano. Sindikuitana ndipo sindikukoka dzanja, wakula. Ukasankha kupita nalo tsitsi lako, ndikuperekeza mpaka kusiteshoni pakamwa panga pali potseka, ngakhale nsagwada zindipweteke. Koma ukatuluka ndi mpando, ndiyamba ndine. Ndimasula dukuli pomwepo, azimayi akupita kumsika, azibambo akupita kunjanji, ndipo ndikhala choncho mpaka nditamaliza kukumeta. Aliyense wa m'Sizinda muno amene ndinamulalatirapo zaka zonsezi apeze pobwezera. Mutu wako palibe amene adzauyang'ane.

MaNcube ndamuuza kuti mawa asapite kulikonse, ndili ndi choti aone. Akuti abwera ndi mpando wake.

Ndine amene ndinakulera,
agogo ako Nachisale